Fulawa akamafufuma, ine ndimatsegula Baibulo

Ndimakazinga mandasi. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka 17 muno mu Kawale, mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndi imene yaphunzitsa ana anga anayi. Ndayamba n'kunena zimenezi kuti mudziwiretu kuti amene akulankhula nanu si mbusa kapena munthu amene anapita kusukulu ya zaubusa. Ndine mayi wa Chigwirizano mumpingo wa CCAP, ndipo zimene nditi ndikuuzeni ndinaziphunzirira pambali pa mbaula. Atsikana amene angolowa kumene m'banja amakonda kundikokera pambali tikamatuluka m'tchalitchi, n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndi ntchito zonse zija, nthawi yopemphera mumaipeza kuti?" Ndimawayankha kuti nthawi imeneyo sindichita kuifunafuna. Ndinaimangirira pa ntchito imene sindingaidumphe, ndipo ntchitoyo ikafika, pemphero limafikira nayo limodzi.

Sindinayambe choncho. Kwa zaka zambiri moyo wanga wauzimu unkadalira masiku akuluakulu. Kukakhala msonkhano wa chitsitsimutso ndinkakhala kutsogolo. Mapemphero a usiku wonse sankandiphonya, ndipo kangapo ndinakwera nawo phiri la Bunda kukapemphera. Ndinkabwerako mtima ukuyaka, n'kulonjeza Mulungu kuti kuyambira mawa ndiziwerenga mitu isanu tsiku lililonse. Lolemba ndinkawerengadi. Lachiwiri mitu iwiri yokha. Pofika Lachisanu Baibulo linali litabwerera m'chikwama chopitira kutchalitchi, kudikira Lamulungu. Misonkhano imeneyi sindikuinyoza, mpaka lero ndimapitako ndipo imandilimbikitsa. Koma chaka chimene mayi anga anamwalira ndinazindikira kuti nkhokwe yanga inali yopanda kanthu. Anthu atabalalika pamaliro, ndinapezeka ndili ndekha m'nyumba osadziwa poyambira kulankhula ndi Mulungu, chifukwa ndinali nditazolowera kupemphera pokhapokha pali gulu ndi woyambitsa nyimbo.

Amene anandithandiza ndi agogo ena a mumlaga wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba kamene timapemphera limodzi, amene tsopano anatisiya. Ankabwera madzulo kudzakhala nane pakhonde. Tsiku lina ananditsegulira Eksodo 16, nkhani ya mana m'chipululu. Aisraele anauzidwa kuti azitola chakudya chokwanira tsiku limenelo basi. Amene anasungako china kuti adye mawa anachipeza chitagwa mphutsi, chikununkha, kupatula tsiku lachisanu ndi chimodzi pamene ankatolera masiku awiri chifukwa cha Sabata. Ankayeneranso kulawirira, chifukwa dzuwa likatentha mana ankasungunuka. Agogo aja anandiuza mofatsa kuti vuto langa linali lofuna kudya mana a msonkhano wa mu Ogasiti mpaka kufika nawo Disembala. Kuyambira madzulo amenewo ndinayamba kufunafuna malo otolera mana anga m'kati mwa tsiku langa la mandasi.

Pezani ntchito imene simuidumpha

Musanene kuti mudzapemphera mukapeza mpata. Panyumba pamene pali ana, alendo, maliro a kwa aneba ndi geni, mpata sufika wokha. Khalani pansi mulondole tsiku lanu kuyambira podzuka mpaka pogona, mupeze chinthu chimodzi chimene mumachita kaya kukugwa mvula kaya kuli ng'amba, kaya mwakondwa kaya mwakwiya. Kwa ine ndi kukanda fulawa. Ndimadzuka cha m'ma 3 koloko mbandakucha, ndimasakaniza fulawa, shuga, mchere, yisiti ndi madzi ofunda, ndimakanda, n'kuvundikira beseni ndi nsalu. Ndikatero ndimayenera kudikira pafupifupi ola lathunthu kuti afufume, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi amachedwerapo. Kale ola limenelo ndinkabwerera kukagona, kapena ndinkangokhala n'kumawerengera ndalama m'mutu. Tsopano ndimayatsa makala pambaula, n'kukhala pakampando, tochi m'manja, Baibulo pamiyendo. Mphindi 20 zoyambirira ndi za Mulungu. Fulawa sindingaleke kukanda, choncho kupempheranso sikungandiphonye mosavuta.

Ntchito yanu ikhoza kukhala ina. Bambo a kunyumba kwanga ndi kalipentala, ndipo iwo amapemphera akafika pashedi, asanatulutse zida m'bokosi. Mng'ono wanga amene akuyamwitsa amawerenga pamene mwana ali kubere m'mawa. Wina ndi ulendo wopita kudimba, wina ndi pamzere wotunga madzi, wina ndi mu minibasi podikira kuti idzaze. Mlonda kapena namwino wogwira usiku asadzizunze kuti sakupemphera m'mawa ngati anzake, m'mawa wake ndi pamene wadzuka. Danieli anali ndi ntchito yaikulu m'boma la mfumu, koma ankagwada katatu pa tsiku m'chipinda chake, mazenera atatsegukira ku Yerusalemu. Pa Danieli 6:10 akutiuza kuti lamulo loletsa kupemphera litatuluka, iye anangochita monga ankachitira kale. Chizolowezi chinalipo kale mavuto asanafike, n'chifukwa chake chinamugwira dzanja atafika.

Konzekerani usiku. Ine ndisanagone ndimaika Baibulo, kope ndi tochi pamwamba pa chivundikiro cha ndowa ya fulawa, kotero kuti sindingatenge fulawa ndisanaligwire Baibulolo. Foni ndimaisiya kuchipinda. Pa ichi ndiye ndikulimbikira, chifukwa ndinaona ndekha kuti ndikangotsegula WhatsApp kuti ndione uthenga umodzi, ndimatulukamo fulawa atafufuma kale, mtima utadzaza nkhani za anthu ena. Ngati Baibulo lanu ndi la mufoni, zimitsani intaneti musanagone ndipo musaiyatse mpaka mutanena Ameni.

Muwerenge chiyani, ndipo motani

Ambiri timayambira pa Genesis ndi mtima wofuna kukafika ku Chivumbulutso, n'kukathera pa Levitiko, pakati pa malamulo a nsembe ndi a khate. Yambani ndi Marko. Ali ndi mitu 16 yokha, nkhani zake zimayenda mwachangu, ndipo kuyambira mutu woyamba mumakhala mukuona Yesu akugwira ntchito. Theka la mutu pa tsiku ndi lokwanira, ndiye kuti mwezi umodzi mwamaliza buku lathunthu. Mukatero pitani kwa Luka, kenako Machitidwe a Atumwi, popeza mabuku awiriwa analemba ndi munthu mmodzi ndipo nkhani yake imangopitirira. Baibulo lonse la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, ndipo wofuna kulimaliza m'chaka chimodzi ayenera kuwerenga mitu itatu kapena inayi tsiku lililonse. Zimenezo n'zabwino, koma si poyambira. Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260, ndiye kuti mutu umodzi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, mumachimaliza m'masabata 52. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Masiku amene mutu wanga uli wolemera ndimapita ku Masalimo, kapena ndimawerenga mutu wa Miyambo wogwirizana ndi deti la tsikulo, pakuti ilipo 31. Amene muli ndi kabuku ka Mlozo, katsatireni, kamakuchotserani vuto loganiza kuti lero nditsegule pati.

Ine ndinakulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 atalimasulira William Murray pamodzi ndi amishoni anzake komanso aphunzitsi akuno kwathu. Mawu ake ndi amene ali m'magazi mwanga, ndipo ndikamaloweza ndime ndimaloweza za mmenemo. Koma Chichewa chake n'chakale, ndipo ana anga ena mwa mawu ake sawamva. Iwo ndinawagulira Buku Loyera la 1998, limene anamasulira mogwirizana Akatolika ndi mipingo ina. Pamene Lopatulika likunena kuti Yehova, Loyera limati Chauta. Ndime ikandivuta, makamaka m'makalata a Paulo, ndimaiwerenga m'mabuku onse awiri, ndipo kawirikawiri limodzi limandimasulira linzake. Musachite manyazi kusankha limene mukulimva.

Werengani motulutsa mawu, ngakhale chonong'ona. Pa 3 koloko tulo timakhala tikadali m'maso, ndipo ndikawerenga chamumtima maso amangoyenda pamizere mutu uli kwina. Mukamaliza, dzifunseni kuti ndimeyi yakuonetsani chiyani za Mulungu, ndiponso kuti pa tsiku la lero ikukhudza chiyani. Funso lachiwirili musaliyankhe ndi mawu aakulu monga akuti ndikhale wachikondi. Tchulani munthu, tchulani malo. Nenani kuti lero mlamu wanga akabwera sindimukumbutsa za mbale zija. Kenako lembani ndime imodzi m'kope. Amene kuwerenga kumawavuta asadzione ngati atsalira. Apongozi anga sanapite kusukulu, koma mdzukulu wawo amawawerengera madzulo, m'mawa amatsegula wailesi ya Trans World Radio, ndipo ndime zimene ali nazo pamtima n'zochuluka kuposa zanga.

Kope la ngongole

Kope limene ndimalembamo ndime ndi lomwelo limene ndimalembamo ngongole za mandasi. Kutsogolo kuli mayina a amene anatenga kuti adzalipira pakutha pa mwezi, kumbuyo kuli ndime ndi mayina a anthu amene ndikuwapempherera. Poyamba ndinachita zimenezi chifukwa ndinalibe kope lina, koma Mulungu anagwiritsa ntchito kope lomwelo kundiphunzitsa chinthu chimene sindikanachimva paguwa.

Popemphera ndimatsatira pemphero limene Ambuye anaphunzitsa pa Mateyu 6, koma osati kulithamangitsa ngati mmene tinkalinenera ku Sande sukulu. Ndimanena mzere umodzi, n'kuima, n'kuikamo zanga. "Atate wathu wa Kumwamba, dzina lanu liyeretsedwe," apa ndimathokoza, ndipo ndimatchula zinthu zenizeni za dzulo: mwana wabwera bwino kusukulu, mandasi anatha, mutu unasiya kuwawa. Pa ufumu ndi chifuniro chake ndimapereka zimene ndakonza kuchita tsikulo. Pa chakudya chalero ndimapempha mosabisa, mtengo wa mafuta ophikira, lendi, fizi, zonse ndimazitchula. Ndiye pamabwera mzere uja wakuti, "Mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu."

Panali mnyamata wina amene ankatenga mandasi kwa ine m'mawa kukagulitsa kudepoti, n'kubweretsa ndalama madzulo. Anachita bwino miyezi ingapo. Kenako anatenga masiku atatu otsatizana osalipira, n'kusowa. Ndalama imeneyo inali mpamba wanga wa sabata yathunthu, ndipo ndinachita kukongola kwa mnzanga kuti ndigule fulawa. Dzina lake linali patsamba lachitatu la kope. M'mawa uliwonse ndikamatembenuza kope kuti ndipite kumbuyo, ndinkalidutsa, ndipo mtima unkawira. Ndikafika pa mawu akuti mangawa, kutanthauza ngongole, pakamwa pankauma. Kwa miyezi iwiri mzere umenewo ndinkaunena mothamanga kuti ndiudutse. Tsiku lina kuwerenga kwanga kunafika pa Mateyu 18, fanizo la kapolo amene anakhululukidwa ngongole yosatheka kubweza, koma anakakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha ndalama yochepa. Ndinalira pambali pa mbaula. Ndinatenga cholembera, ndinafufuta dzina lija kutsogolo, n'kukalilemba kumbuyo, pa anthu owapempherera. Patapita nthawi ndinakumana naye mumsika. Anafuna kuthawa, koma ndinamuitana n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, nkhani ija inatha, usamandizembe."

Sindikunena kuti ngongole zonse muzifufute. Geni ingafe, ndipo ana angagone ndi njala. Mpaka lero ndimalonjerera amene ananditengera, ndipo mnyamata uja sindinamupatsenso mandasi pangongole. Chimene chinachoka ndi chidani. Ndipo ndikudziwa kuti chikanakhala kuti ndinkapemphera pamisonkhano pokha, chidanicho chikanakhala m'mimba mwanga zaka, chifukwa pagulu n'kosavuta kubisala. Ndi pemphero la tsiku ndi tsiku limene linandibweretsa pamzere womwewo m'mawa uliwonse mpaka ndinagonja.

Anthu owapempherera ndi ambiri, ndipo kuwatchula onse tsiku limodzi mafuta angapserere pachiwaya. Ndinawagawa m'masiku. Ana ndi bambo awo ndimawatchula tsiku lililonse. Lolemba ndimawonjezera abale akumudzi, Lachitatu anthu a mumlaga, Lachinayi odwala ndi ofedwa, Lachisanu dziko lathu, atsogoleri ndi mvula. Loweruka ndi la amene anandilakwira ndi amene ndinawalakwira, ndipo ndilo tsiku lovuta kwambiri. Munthu akakuuzani kuti mundipempherere, lembani dzina lake nthawi yomweyo, apo ayi mudzakhala mutalonjeza bodza. Yankho likabwera, ikani deti pambali pa dzinalo. Masamba amenewo ndi amene ndimawerenga tsiku limene mtima ukundiuza kuti Mulungu samva. Maganizo akamathawa m'kati mwa pemphero, musalimbane nawo. Kumene athawirako n'kumene kuli nkhawa yanu, itengeni muiike m'pempheromo. Ndipo musanadzuke pampando khalani chete mphindi ziwiri kapena zitatu, osanena kanthu, ndime ija ikuyenda mumtima.

Dzuwa likakwera

Pemphero la m'mawa limayesedwa masana. Nehemiya, mfumu itamufunsa chimene akufuna, anapemphera kwa Mulungu wa Kumwamba kenako n'kuyankha, ndipo zonsezi zili m'ndime ziwiri za mutu 2. Pemphero limenelo silikanatha kupitirira mpweya umodzi. Otere ndi amene ndimapemphera pamsika. Kasitomala akandilalatira ndimati, Ambuye gwirani lilime langa. Ndikagulitsa oyamba ndimati zikomo Atate. Ndikamva kulira kwa ambulansi ndimapempherera amene ali m'katimo. Umu ndi mmene ndimamvera mawu a Paulo akuti "Pempherani kosaleka." Pokazinga ndimaimba za mu Nyimbo za Mulungu, ndipo ndinaona kuti nyimbo imene ndayamba nayo m'mawa imandiperekeza tsiku lonse. Choncho samalani imene mukuyamba nayo.

Pali mayesero a ntchito yanga amene munthu wosakazinga sangawadziwe. Mandasi akatsala, mtima umati uwasakanize ndi a lero, palibe adziwe. Mafuta akada, mtima umati ukazingirenso kamodzi. Mwana akabwera ndi ndalama yaikulu osadziwa kuwerengera chenji, mtima umanong'ona. Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga unyansa Yehova. Ndinadziikira lamulo lakuti a dzulo ndimawaika padera, ndimanena kuti ndi a dzulo, ndipo ndimatsitsa mtengo. Inunso pa ntchito yanu mukudziwa pamene pamakhala kachinyengo kamene aliyense amati n'kabwinobwino. Pamenepo ndi pamene ndime ya m'mawa iyenera kukafika. Chinanso ndi miseche. Pamsika nkhani za anthu zimayenda kuposa malonda, ndipo ndinaona kuti tsiku limene ndadya nawo munthu, madzulo kupemphera kumandilemera. Tsopano nkhani ikayamba kulowera kumeneko ndimanyamuka kukatsuka beseni.

Madzulo, tonse pamodzi

Mapemphero a pabanja timachita tikangotha kudya nsima, anthu asanabalalike. Mukati mudikire mbale zitsukidwe, wina wagona, wina watuluka. Timaimba ndime imodzi kapena ziwiri za nyimbo, mzime wathu amawerenga ndime zochepa, ndipo mmodzi amapemphera, mosinthanasinthana. Mphindi 10 zakwana. Magetsi akazima timanena pamtima Masalimo 23 kapena 121. Mlendo akapezeka amakhala nawo. Chimene ndikupemphani makolo anzanga n'chakuti nthawi imeneyi musaisandutse bwalo la milandu. Ndinalakwitsapo zimenezi. Ndinkadzudzula chisamba wanga kudzera m'pemphero, kuuza Mulungu zolakwa zake iye akumva, mpaka anayamba kuchedwa dala kubwera kunyumba. Ndinamupepesa, ndipo zinatenga nthawi kuti abwererenso pamphasa ndi mtima wonse. Cholakwa cha mwana mukambirane naye masana, awiriwiri. Ndipo amayi amene amuna anu sapemphera, musawakakamize kapena kuwanyogodola ndi nyimbo. Pempherani ndi ana mwaulemu, ndipo werengani 1 Petro 3:1-2.

Ndikafika pogona ndimalibwereza tsiku lonse mumtima, mwachidule. Pamene ndaona dzanja la Mulungu ndimathokoza, pamene ndalakwa ndimatchula tchimolo ndi dzina lake. Mawu a pa Aefeso 4:26 akuti "dzuwa lisalowe muli chikwiyire" tinawatenga ngati lamulo la m'nyumba mwathu ine ndi bambo. Si nthawi zonse pamene nkhani imatha usiku womwewo, koma sitigona osalankhulana.

Musayende nokha. Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika, ndipo aliyense amene amasonkha moto amadziwa kuti khala limene lagwera pambali pa mbaula limazima msanga. Pitani ku mapemphero a m'milaga pakati pa sabata, kapena kumphakati ngati ndinu Mkatolika, chifukwa kumeneko n'kumene anthu amadziwa dzina lanu ndi khomo lanu. Pezaninso mnzanu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, amene mungamamuuze zoona. Wanga amagulitsa tomato moyang'anana nane, ndipo Lachisanu lililonse timafunsana kuti sabata ino wawerenga pati, ndipo chakuvuta n'chiyani. Lamulungu ndimalikonzekera Loweruka: zovala, chopereka, ndi kugona msanga. Tsiku limenelo sindikanda fulawa, choncho Baibulo ndimaliika pa ketulo ya tiyi.

Za kusala kudya ndinene mwachidule. N'kwabwino, ndipo ine ndimasala kamodzi pa mwezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndalama ya chakudya chimenecho n'kupatsa wina wosowa, monga Yesaya 58 akuphunzitsira. Yesu anati tikamasala tisambe kumaso, anthu asadziwe. Koma amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala matenda a shuga, ndi onse amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a kuthamanga kwa magazi, musasale chakudya musanafunse kuchipatala, ndipo mankhwala musasiye ngakhale wina atakuuzani kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Taika m'manda anthu amene anamvera mawu otere. Mukhoza kusala zina, monga foni kapena wailesi yakanema. Chimodzimodzinso amene akukuuzani kuti mugule madzi kapena mafuta kuti Mulungu akumveni. Khomo la kwa Atate anatsegula ndi Yesu, ndipo salipiritsa.

Mukadumpha, ndiponso kukauma

Mudzadumpha masiku. Mwana adzadwala, mudzapita kumaliro kumudzi, kapena mudzangofooka. Zikatero musawerengere masiku amene mwaphonya ngati ngongole yoti mubweze, n'kumati lero ndiwerenga mitu 10. Katundu wotero ndi amene amachititsa munthu kusiyiratu. Tsegulani pamene munalekezera, mupitirize. Maliro 3:22-23 amati chifundo cha Yehova chimaoneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa, ndipo mawu amenewa analembedwa Yerusalemu ali bwinja. Kumbukiraninso kuti zizolowezi zonsezi si malipiro ogulira chikondi cha Mulungu. Tinapulumutsidwa ndi chisomo, monga Aefeso 2:8-9 akunenera. Tsiku limene mwapemphera ola lathunthu sakukondani kuposa tsiku limene munagona ndi malungo osanena kanthu. Timabwera kwa Iye chifukwa nthambi siingabale zipatso itachoka pampesa.

Palinso nyengo zimene mumakhala pampando, mumawerenga, mumapemphera, koma mumamva ngati mawu akungogunda malata n'kubwerera. Ine inandigwira pafupifupi theka la chaka, bambo atakhala nthawi yaitali osapeza oda ndipo mwana wathu wachiwiri atalephera mayeso a Fomu 4. Sindinkamva kalikonse. Chimene chinandisunga n'chakuti fulawa ankayenera kukandidwa, ndipo Baibulo linali pachivundikiro. Masiku amenewo ndinkabwereka mawu a ena. Ndinkawerenga Masalimo 42, pamene wolemba akufunsa moyo wake chifukwa chimene ukuweramira, ndi Masalimo 88, limene limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima popanda mawu achitonthozo. Ndinalimba mtima poona kuti pemphero lotero Mulungu analilola kukhala m'Buku lake. Aroma 8:26 amati pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Masiku ena pemphero langa lonse linali lakuti, Ambuye ndabwera.

Onaninso thupi lanu. Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anamusiya agonenso, n'kumudyetsa kachiwiri. Nthawi zina chimene tikuchitcha kuzirala mu uzimu ndi kutopa ndi njala. Ine kuti ndidzuke 3 koloko ndimayenera kugona pofika 8 koloko, ndipo kugona msangako ndimakuwerengera ngati mbali ya kupemphera. Ngati chisoni chakhalitsa, chakulandani tulo ndi chilakolako cha chakudya, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka, uzani abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, ndipo pitaninso kuchipatala.

Usiku uno, musanagone, sankhani ntchito yanu ija. Tengani Baibulo, muike kapepala pa Marko 1, mulisiye pamene dzanja lanu lidzayambire kugwira mawa, kaya ndi pa ndowa, pa khasu, pa bokosi la zida kapena pa makiyi a njinga. Mawa muwerenge ndime 1 mpaka 20, munene pemphero la Ambuye mzere ndi mzere, mulembe ndime imodzi. Mkuja mupitirize kuyambira 21 mpaka 45. Mmenemo mudzapeza Yesu ku Kapernao ataphunzitsa m'sunagoge, atachiritsa apongozi ake a Simoni, ndipo madzulo mudzi wonse utasonkhana pakhomo ndi odwala awo. Pa ndime 35 adzuka kusanache, kukadali mdima, n'kupita kumalo kopanda anthu kukapemphera, mpaka Simoni ndi anzake achita kumulondola kukamuuza kuti anthu onse akumufuna.